Pamene Wophika Asoŵa Nthaŵi ya Kudya

KWA zaka zambiri, mafamu a fodya a ku Tengwe, m'chigawo cha Hurungwe ku Zimbabwe, anadalira kwambiri antchito ochokera ku Malaŵi, Mozambique, ndi Zambia. Ena a iwo anali ophika m'nyumba za eni mafamu. Pamene mafamuwo anayamba kulandidwa mu 2000, mabanja ambiri anataya ntchito ndi pokhala pomwe, ndipo wodziŵa kuphika anakakamizika kuyang'ana kumatauni onga Karoi ndi Kariba, kumene kuli mahotela.

Komabe, khichini ya hotela njosiyana kwambiri ndi ya panyumba. Wophika amaimirira pamoto kuyambira mbandakucha kufikira mlendo womalizira atadya, ndipo kaŵirikaŵiri iye mwini amadya chiimirire, ngati adya nkomwe. Mmodzi akasiya ntchito, mapoto ake amagwera otsalawo, amenenso posapita nthaŵi amalefuka ndi kuchoka. Mu 2019, World Health Organization inalongosola kutopa kotereku kukhala chotulukapo cha kupsinjika kwa nthaŵi yaitali pantchito. Inatchula zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kuipidwa ndi ntchito, ndi kulephera kuichita bwino.

Kodi Mkristu wofika pamenepo ayenera kudziona kukhala waulesi? Kutalitali! Panthaŵi ina atumwi anapanikizidwa ndi makamu kwakuti analibe ngakhale mpata wa kudya. Yesu sanawadzudzule. M'malo mwake, anawaitanira kumalo a okha kuti akapumule pang'ono. (Marko 6:30-32) Onani kuti ntchito imene anawapumitsayo inali yopatulika. Ngati kulalikira kunalola mpumulo, kuli bwanji kukazinga nsomba za ku Kariba!

Ndithudi, mwamuna wodyetsa banja sangangovula epuloni ndi kuchoka, makamaka kumene ntchito ili yosoŵa. (1 Timoteo 5:8) Koma angathe kulankhula. Yetero ataona Mose akuweruza anthu kuyambira m'maŵa kufikira madzulo, anamchenjeza mosabisa kuti akalefuka limodzi ndi anthuwo, nampatsa uphungu wakuti agaŵire ena mtolowo. (Eksodo 18:13-23) Mofananamo, wophika angafikire mkulu wa khichini panthaŵi yabata, osati mkati mwa piringupiringu wa chakudya chamasana, ndi kupempha mwaulemu womthandiza kutsuka mapoto kapena tsiku lodziŵika la kupuma mlungu uliwonse. Mkuluyo angakane. Komabe, iyenso amadziŵa kuti kuphunzitsa wophika watsopano kumamdyera milungu yambiri.