KODI CITHUNZI CINENA ZOONA?

Mnyamata wina wa sukulu ku Maramba anafuna kujambula mathithi a Mosi-oa-Tunya. Poyamba anayesa makala, koma madzi anaoneka ouma ngati mwala. Pambuyo pace anasungunula katondo ndi mwaye, napaka pa pepala. Nkhungu inaoneka, koma phompho linatayika. Kacitatu anasema thabwa, nalipaka inki, nalisindikiza; za kumanja zinaturukira kumanzere. Potsiriza anabwereka kamera, ndipo zonse zinalowamo, koma poyang'ana cithunzico sanacite nthumanzi monga acitira munthu woima m'mphepete mwa phompholo. Pamenepo anadzifunsa kuti, mwa zinai izi coona nciti?

Funso ili ndi lakale. David Livingstone anaona mathithiwo m'caka ca 1855, koma cithunzi ca m'buku lace la 1857 cinakonzedwa ku Ulaya ndi mmisiri amene sanapondepo pa Zambezi. Thomas Baines anafika iye mwini mu 1862, najambula zimene maso ace anaona. Percy Clark, amene anadza mu 1903, anali kugulitsa zithunzi za kamera kwa alendo. Mathithi ndi amodzi, koma umboni wa amisiri atatuwa sulingana.

Ena amati kamera yokha ndiyo yosanama. Koma woigwira ndiye asankha poima, ndi zimene adzazisiya kunja; ndiponso masiku ano kompyuta ikhoza kuturutsa cithunzi ca cinthu cimene sicinakhalepo konse. Motero coonadi sicikhala m'cipangizo ai, cikhala mwa munthu wocigwira.

Cithunzi ciri ngati mboni pa bwalo la milandu. Palibe mboni yonena zonse, pakuti yense anaona ali pamalo pace. Kusiya zina si bodza. Bodza liyamba pamene mmisiri aonjeza zimene sanazione, nauza wogula kuti ndimo ziliri. Ciyeso cimeneci ncacikuru m'mudzi wa alendo monga Maramba, kumene cithunzi cokometsera cigulidwa msanga koposa cokhulupirika. Makolo anati, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Mnyamatayo sanataye ngakhale cimodzi ca zithunzi zace. Anazindikira kuti makala anamphunzitsa kulimba kwa thanthwe, katondo kufewa kwa nkhungu, thabwa kuganiza asanaseme, ndi kamera kuti kuoneka kwa cinthu sindiko cinthu conse. Nchito imene anaiyesa yolephera ndiyo inamtsegula maso. Wofuna kukhala mmisiri ayambe wakhala mboni yokhulupirika. Luso la manja lidzatsata pambuyo.