KODI WOGULA NYUMBA M'MBALI MWA MZINDA WATAYA KWAO?

M'midzi ya ku Katete, ku Petauke, ku Chadiza ndi ku Chipata mumveka masiku ano mau amene makolo akale sanawadziwe, akuti, Mwana wa uje wagula nyumba ku Lusaka. Ena pakumva akondwera, nati, Mwanayo wakula. Koma ena apukusa mutu, nati, Ndalama zimene akadamangira nyumba ya malata pano pa mudzi wakazitaya m'dziko la eni. Nanga tidzamuonanso liti? Mlandu uwu sulowa pa bwalo la mfumu, koma ukambidwa pa mtondo ndi pa maliro, ndipo wadanitsa abale ambiri. Uyenera kuweruzidwa modekha, pakuti mbali zonse ziwiri zili ndi mau.

Kwa Acewa, Ansenga ndi Angoni dziko silinali malonda. Munthu wofuna malo anapita kwa nyakwawa, ndipo nyakwawa inamlozera pomanga ndi polima. Malowo anakhala ake masiku onse amene iye ndi mbumba yake anakhalapo. Nyumbanso sinagulidwe. Amuna anadula mitengo nasenza denga, akazi anamweta udzu, natunga madzi, nazira pansi, ndipo mwini nyumba anangophika nsima ndi thobwa. Mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga unabadwa pa nchito yeniyeni imeneyi. Cotero nyumba ya pa mudzi inali ndi mangawa kwa anthu ambiri, ndipo ndico cifukwa cake mwini wake sanathe kutsekera munthu khomo. Akadamtsekera bwanji munthu amene anamanga nao phaso lake?

M'tauni zinthu zinayenda mwa njira yina. Lusaka anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935 m'malo mwa Livingstone, ndipo m'masiku a atsamunda munthu wakuda m'tauni anayesedwa mlendo. Anayenda ndi citupa, ndi nyumba imene anagonamo inali ya bwana kapena ya Khonsolo. Nchito ikatha, nyumbanso yatha, abwerere kwao. Ufulu utafika mu 1964 anthu anathamangira ku mzinda, nadzimangira okha m'makomboni monga Kalingalinga, Chawama, George ndi Kanyama. Lamulo la 1974 linatsegula njira yakuti okhala m'makomboni obvomerezeka alandire cilolezo cokhalapo zaka 30. Mu 1975 Pulezidenti Kaunda analetsa kugulitsa malo opanda comangidwa, koma lamulo la malo la 1995 linabwezera nthaka mtengo wake, ndipo linalola kuti malo a mafumu asandulike a taitolo ngati mfumu ndi Khonsolo abvomera. Mu 1996 Pulezidenti Chiluba analamula kuti nyumba za Khonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo. Kuyambira pamenepo nyumba ndi mapoloti zakhala malonda monga ng'ombe.

Pa nthawi ya ufulu anthu a mu Lusaka sanafike 200,000. Kalembera wa 2022 anapeza oposa 2 miliyoni. Mzinda wasefukira ku Chalala, ku Lilayi ndi ku Silverest, ndipo munthu wokwera basi yocokera ku Chipata akapitirira Chongwe ayamba kuona mipanda ya mabuloko pamene kale panali minda ndi thengo. Kumeneko ndi kumene ana ambiri a kum'mawa agula malo, popeza pakati pa mzinda mtengo wake sangauthe.

Tsono mau a wogulayo ayenera kumveka poyamba. Munthu wokhala pa lendi adya ndi mantha. Mwezi uli wonse apereka ndalama zosabwerera, mwini nyumba akweza mtengo pamene afuna, ndipo nchito ikatha katundu apezeka pabwalo. Ngati nchito yake ili m'tauni, ndi ana ake aphunzira komweko, kufuna denga lakelake si kunyada iai. Ndiko kusamala banja, ndiponso ndi cinthu cimene agogo ake anamanidwa pamene anali ndi citupa m'thumba. Ndi mudzi womwe upindula nayo nyumbayo. Wodwala wotumizidwa ku cipatala cacikulu ca UTH apeza pogona, mtsikana wopita ku koleji apeza womyang'anira, ndi mnyamata wofuna nchito sagona pa siteshoni. Cotero amene anena kuti kugula kokha ndi kulakwa, anena mopitirira.

Koma pali msampha umene ubisala m'kugula. Nyumba yomangidwa ndi manja a abale ikumbutsa mwini wake mangawa ake tsiku ndi tsiku, pakuti aona mtengo uli wonse nadziwa amene anaudula. Nyumba yogula ndi ndalama ioneka ngati ilibe mangawa kwa munthu ali yense. Mwini wake anena mumtima, Ndalipira, ndasaina, zatha. Pamenepa ndi pamene anyengedwa, pakuti mangawa a nyumba yotere ali ambiri ndithu, kungoti sanalembedwe pa pepala.

Mangawa oyamba ali kwa iwo amene anamlera. Ndalama zogulira poloti zinacokera ku malipiro, malipiro anacokera ku sukulu, ndipo sukulu inalipidwa ndi nshawa za amai ake, thonje la atate ake, kapena ng'ombe imene amalume anagulitsa. Anthu amenewa anasenza nao denga lija angakhale sanafike pa malopo. Mpanda wa mabuloko suli woipa, popeza akuba alipo. Koma cipata cimene citsegukira abwana a ku nchito ndi kutsekera azakhali obvala citenje cakutha cacititsa manyazi nyumba yonse. Komabe a ku mudzi nawonso ayenera kukumbukira mwambi wao womwe, wakuti mlendo ndi mame. M'tauni ufa, makala, madzi ndi ndiwo zonse nzogula. Mbale wofika cimanjamanja, nakhala miyezi itatu wopanda cocita, nayembekeza kubwerera ndi feteleza ndi ndalama za basi, asenzetsa mnzake katundu amene mwambo sunalamule. Wobwera ndi thumba la nshawa, nanena tsiku lake lobwerera, adzapeza cipata cotseguka ulendo wina.

Mangawa aciwiri ali kwa eni nthaka. Malo a m'mbali mwa mzinda sanagwe kumwamba. Kum'mawa kwa Lusaka ndi dziko la Asoli, la Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II, ndipo mapoloti ambiri adulidwa m'mafamu akale kapena m'minda imene mabanja analima mibadwo yambiri. Ena agulitsidwa mwa cilungamo, mwini wake atabvomera ndi kulandira mtengo woyenera. Koma ena agulitsidwa ndi anthu opanda ulamuliro uli wonse, monga makada a zipani, amene adula malo osiyidwira mseu, sukulu kapena msika, ndipo nthawi zina poloti imodzi aigulitsa kwa anthu awiri kapena atatu. Mapeto ake ndi milandu, kapena Khonsolo kubwera kudzagwetsa nyumba imene munthu anaivutikira zaka khumi. Safunsa anadya phula. Wogula wanzeru apita ku Unduna wa za Malo kukaona ngati dzina la pa taitolo ndi la wogulitsayo, ayitana woyeza malo kuti amsonyeze malire, ndipo sapereka ndalama popanda mboni ndi kalata. Izi zonse ndi za kucenjera. Koma munthu wa cikumbumtima afunsanso funso lina limene loya sangamfunse, lakuti, Analima pano ndani dzinja lathali, ndipo tsopano ali kuti? Ngati kutsika mtengo kwa poloti kwacokera pa misozi ya nkhalamba yolandidwa munda, wogulayo wadya nao, angakhale mapepala ake ali oyera.

Mau awa sali a ku Lusaka kokha. Chipata anakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo Katete ndi Petauke nawonso akula. Ambiri amene awerenga buku lino tsiku lina adzaona galimoto itaima m'mbali mwa munda wao, ndi munthu wofunsa mtengo. Pamenepo nyakwawa ikumbukire kuti ndiyo msungi wa nthaka, yosungira amoyo ndi osabadwa; ndipo mkulu wa banja asagulitse mwamseri munda umene alongo ake ndi ana ao adyapo. Ndalama za poloti zitha caka cimodzi cisanapite, ndipo malo amene alowa m'taitolo ya munthu wina kawirikawiri sabwereranso kwa mfumu.

Mangawa acitatu ali kwa anansi. Pa mudzi mnansi ndi mbale. M'malo atsopano mnansi ndi Mbemba, Mtonga kapena Mlozi amene munthu sanamsankhe, ndipo mpanda wautali umnyenga kuti akhoza kukhala osamdziwa. Koma mpanda ulekeza pamwamba pa nthaka. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa thanthwe la njereza lodzala ndi ming'alu, m'mene madzi ayenda msanga. Ndipo m'madera ambiri atsopano mulibe mipope ya madzi kapena ya zonyansa, kotero kuti nyumba ili yonse ikumba citsime cake ndi dzenje lake la cimbudzi. Dzenje lokumbidwa mosasamala pa poloti imodzi lifikitsa zonyansa m'citsime ca pa poloti yina. Kolera inabvuta mzindawu mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024, pamene bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Momwemonso munthu amene atseka ngalande kuti akuze bwalo lake, atumiza madzi a mvula m'cipinda ca mnzake. Ndipo tsiku la maliro, pamene abale a ku Chadiza akali pa njira, ndani adzasonkha moto ndi kugona pa nyumba ya siwa, ngati si anansi aja ndi Akristu anzake a m'deralo? Kali kokha nkanyama. Malo atsopano asanduka mudzi pokhapokha okhalamo atayamba kulonjerana, kusonkherana za mseu ndi kulirana maliro. Zimenezi wogulitsa mapoloti sazigulitsa.

Mangawa otsiriza ali kwa mkazi ndi ana, ndipo apa ndi pamene a ku mudzi ayenera kumvetsetsa. Pa mwambo wa Acewa ndi Ansenga colowa ca mwamuna cinapita kwa abale a kucikazi, makamaka mwana wa mlongo wake. Ndipo mwambowo unali ndi nzeru yake, pakuti mkazi wamasiye ndi ana anali ndi munda ndi nyumba kwao kwa mkaziyo. Koma mkazi amene wakhala zaka makumi awiri m'tauni, nathandiza kugula simenti ndi ndalama za malonda ake a pa msika, alibe kwina kopita. Cifukwa ca ici lamulo la 1989 linena kuti munthu akafa wosasiya wilo, nyumba ikhala ya mkazi ndi ana, ndipo mkaziyo akhalamo kufikira imfa yake kapena kukwatiwanso. Pa cuma cina, magawo 50 pa 100 apita kwa ana, 20 kwa mkazi, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene womwalirayo anali kuwasunga. Lamulo limeneli silikhudza malo a mafumu, koma nyumba ya m'tauni liikhudza. Abale amene afika pa maliro maso ali pa makiyi, nathamangitsa wamasiye mtembo usanazizire, alakwira Boma, ndipo alakwira Mulungu amene ayang'anira amasiye. Abale ali ndi gawo pa khomo la nyumbayo, kuti alowe, adye, agone. Pa taitolo alibe gawo. Ndipo mwini nyumba acita bwino kunena zimenezi poyera akali moyo, ndi kuzilemba, kuti asasiyire ana ake nkhondo.

Nanga tsono, kodi wogula nyumba m'mbali mwa mzinda wataya kwao? Mtunda wa pakati pa Lusaka ndi Katete sungayankhe funso ili. Alipo anthu amene anamanga nyumba yaikulu pa mudzi, naikhoma ndi loko, nakhala zaka zisanu osaponda. Alipo ena amene alibe ngakhale khumbi kwao, koma pa nyumba yao ya ku Chalala sipasowa wodwala wa ku mudzi kapena mwana wa sukulu. Wataya kwao ndi iye amene wayesa kuti ndalama zafafaniza mangawa ake. Amene awakumbukira watenga mwambo wa kwao nakaubzala pa nthaka yatsopano, monga anacitira makolo pamene anasamutsa mudzi nthaka itaguga.

Ndipo taitolo yomwe, imene anthu aikhulupirira kwambiri, ili ndi phunziro kwa woiwerenga bwino. Pa malamulo a Zambia nthaka yonse ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo cimene munthu alandira ndi kubwereka kwa zaka zosapitirira 99, nalipira msonkho wa nthaka caka ndi caka. Pepalalo limuuza tsiku loyamba ndi tsiku lotsiriza. Munthu amene adziwa kuti wabwereka sadzitama, ndipo sabvutika kugawana ndi mnzake.

Cotero makolo akalandira mthenga wakuti mwana wagula nyumba, asafulumire kulira, asafulumirenso kuyimba nthungululu. Amfunse kuti malowo anawagula kwa yani, ndi kuti amene analimapo anapita kuti. Amfunse ngati adziwa maina a anansi ake, ndi ngati mkazi wake adziwa pamene pali mapepala. Akayankha bwino, amdalitse, namtumizire mbeu ya mango ya pa mudzi kuti akabzale pabwalo pake.