Madzi saiwala khwawa

Ndagwira ntchito youmba ndi kumanga nyumba zaka zambiri, ndipo sindinaonepo mwininyumba akuitana anzake kuti adzaone maziko. Amawaonetsa malata, utoto ndi zitseko. Maziko timangowakwirira n'kuwaiwala, mpaka tsiku limene madzi abwera kudzawayesa.

Anabweradi mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anakhuthula mvula masiku angapo osakata, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu kunalinso maliro okhaokha. Anthu oposa 1,000 anatisiya. Ife akale tinakumbuka napolo wa mu 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi n'kusesa midzi ku Phalombe komweko. Akulu sananame, madzi saiwala khwawa.

Masiku amenewo ndinkabwerezabwereza fanizo la Yesu la pa Mateyu 7, la amuna awiri omanga nyumba, wina pathanthwe, wina pamchenga. Ana anga, muliwerenge modekha. Mvula inagwa pa nyumba zonse ziwiri. Womanga pathanthwe uja sanalonjezedwe chilimwe chosatha, nayenso mphepo inamuomba.

Apa ndiye pamandiwawa. Ndinamva ena akulalikira kuti amene anakokoloka anali ochimwa, kuti chinali chilango. Ayi ndithu. Anthu aja anamanga m'mbali mwa phiri ndi njerwa zosaotcha chifukwa malo a kuchigwa sakanawakwanitsa, ndipo ambiri anali opemphera kuposa ine. Paja mvula ikakuona litsiro sikata, wosauka ndiye amayamba kunyowa. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri aja anakhala naye pansi osayankhula kanthu. Analakwa atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa cha mavuto ake. Woloza chala akumbuke kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsiku lina a kumpingo kwathu tinapita ndi ufa ndi mabulangete pasukulu ina pamene anthu ankagona m'makalasi. Mutu umodzi susenza denga, tsono aliyense anatapa pang'ono m'nkhokwe mwake. Pakhonde panakhala mayi wina amene ana ake awiri anapita ndi madzi, ndipo mmodzi anali asanapezeke. Ndinakhala pansi pambali pake, mawu atandithera. Ndinali nditakonza vesi m'mutu, koma linandilemera pakamwa.

Mayiyo ndiwo anayamba kuyankhula. Anati, "Bambo, usiku ndimamufunsa Mulungu kuti anali kuti. Sanandiyankhebe. Koma nanga ndikamusiya, ndikalirira kwa yani?"

Ine amene ndakumba maziko ambirimbiri ndinazindikira kuti ndaona thanthwe. Mayiyo sankamwetulira, sankanena kuti zonse zili bwino. Ankakangana ndi Mulungu ngati mwana wolira amene akumenya amake pachifuwa koma sakufuna kutsika m'manja mwawo. Chikhulupiriro chotere sichikumbidwa mvula itayamba kale. Anachikumba kalekale, m'mapemphero a m'mamawa amene palibe ankawamva, m'zaka zimene dzuwa linkawala bwinobwino.

Titatsanzika, anandigwira dzanja n'kunena kuti tipemphere tisananyamuke. Ndinavula chipewa, ndikuyesa kuti akufuna nditsogolere ine. Anatsogolera okha, ndipo anayamba ndi kupempherera anyamata amene ankakumbabe m'matope ndi makasu.