Umphawi Wosankha

Mu Januwale 2019, boma litanditumiza ku maphunziro ku Birmingham, mnzanga wa m'kalasi ananditengera kwa azakhali ake, mphunzitsi wopuma pantchito, amene ankakhala m'bwato pa ngalande ya Worcester and Birmingham. Ndinagonako masiku atatu okha, koma funso limene ndinachoka nalo kumeneko likundisowetsabe mtendere.

Mabwato amenewa ndi aatali koma opyapyala. M'lifupi amangopitirira pang'ono mamita awiri, pamene m'litali ena amafika mamita 21. Kale ankanyamula katundu. Ngalande ya Bridgewater, yomwe inatsegulidwa mu 1761, inali njira ya malasha opita ku Manchester. Sitima zapamtunda ndi malole zitalanda ntchitoyo, anthu anasandutsa mabwatowo nyumba. Bwato lopanda doko lakelake limayenera kusuntha pakatha masiku 14 alionse, koma m'nyengo yachisanu mwini wake akhoza kulipira malo n'kulimangirira pamodzi. Ndi zimene anachita mayiwa.

Tsiku lawo linkayamba ndi kuwola phulusa m'mbaula n'kusonkhamo malasha. Kenako ankapukuta mawindo onyowa ndi nthunzi ya usiku. Madzi anali a m'thanki, ndipo dontho lililonse linkawerengedwa, pakuti mpopi wapagombe ukaundana ndi chisanu, kulibe kotunga. Magetsi a sola ankachepa chifukwa dzuwa linkalowa cha m'ma 4 koloko, choncho ankaliza injini kuti mabatire alowe moto. Ngakhale chigubu cha kuchimbudzi ankachinyamula okha kukakhuthula kumalo ake. Kunja kunali zii, abakha okha akuyenda pamwamba pa madzi oundana.

"Mwanawe," anatero usiku wina tikuwotha, "muno ndimadziwa kumene chilichonse chimachokera. Ndine mfulu."

Ine mumtima ndinaseka chowawa. Kutunga madzi, kusonkha moto, kusunga kuwala: si moyo umene amayi anga anakalamba nawo kumudzi? Si moyo womwewo umene anandigulitsira mbuzi kuti ndiphunzire, ndiuthawe? Nanga bwanji chimene kwathu timachitcha umphawi, kuno chikutchedwa ufulu?

Poyamba ndinati n'kukhuta chabe, masewera a anthu olemera. Koma ndinalakwa. Bwato loyandikana nalo munkakhala mnyamata amene lendi ya nyumba inamukanika, ndipo nkhope yake sinkaonetsa ufulu ayi. Ngalande inali imodzi, chisanu chimodzi, ntchito zofanana, koma wina ali pamtendere, wina ali m'goli. Apo ndinazindikira kuti kulemera kwa ndowa sikuli m'madzi mokha. Mayi aja anali ndi penshoni, chipatala chaulere chapafupi ndi abale a nyumba zofunda. Atatopa akanatha kutsika n'kumapita. Mnyamatayo, monganso amayi anga, analibe kotsikira.

Tsono ndiphunzirepo chiyani ine wa muofesi, amene ndadutsa zaka makumi anayi ndikuthamangitsa giredi, ngongole ya galimoto ili pakhosi? Choyamba, ndisamayamikire umphawi wa wina. Ife olemba tili ndi tchimo limeneli: timakometsera utsi wa kumudzi titakhala pansi pa getsi la m'tauni. Amene sanasankhe kusowa safuna ndakatulo, afuna mjigo.

Chachiwiri n'chowawa kwambiri. Ine ndili ndi mwayi wosankha, koma sindinasankhepo. Sindinakhalepo pansi n'kunena kuti apa zakwana. Mayi aja analemba malire a zofuna zawo, mamita awiri m'lifupi, ndipo m'kati mwa malirewo ankagona tulo. Ine zipinda zinayi, tulo palibe.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwambiwu usakhale chotsekera pakamwa wosauka. Ukhale funso kwa ife amene tili ndi kena kake: kodi tidzadziwa liti kuti takhuta?

Tsiku lochoka ndinawathandiza kusenza thumba la malasha la makilogalamu 25. Linkalemera ndithu. Ndikulitula pafupi ndi mbaula ndinakumbukira kuti mjigo wa kwathu unali utaonongeka kuyambira dzinja, ndipo ine ndinali ndisanatumize kalikonse.