Ndalama ya yuniyoni: mtsutso wa ku Shamva

Ku Shamva, kum'mawa kwa Bindura m'dziko la Zimbabwe, Chichewa chimamveka m'komboni, pamaliro ndi kudambwe, chifukwa ambiri amene anakumba golide wa kuno anali machona ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Otsutsana pano ndi a banja limodzi la machonawo: mkulu amene anapuma ntchito ya pansi pa mgodi, ndi mwana wa mlongo wake, amene amagwira ya kontalakiti, ikatha n'kutsikira kumtsinje wa Mazowe kukasaka golide. Funso lawo: kodi wapantchito ali ndi ngongole kwa yuniyoni, kapena kuikana ndi ufulu wake?

MPHWA: Amalume, musandiyese wamwano. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, ndime 58, amati munthu ali ndi ufulu wolowa gulu, alinso ndi ufulu wosalowa. Ine ndatenga wachiwiriwo. Ku America madera 26 ali ndi lamulo loti munthu asakakamizidwe kulipira yuniyoni kuti akhale pantchito, ndipo chinawatsegulira njira ndi lamulo la Taft-Hartley la 1947. Ndikuona kuti n'chilungamo. Wotsika pansi ndine, wopuma fumbi ndine. Wina adulirenji malipiro anga ali khale mu ofesi ku Harare?

AMALUME: Palibe akukukakamiza, mphwanga, ndipo sindikupempha lamulo lokukakamiza. Ndikufunsa mtima wako. Malipiro oyambira a m'migodi sagwa ndi mvula. Amakambidwa ku NEC ya migodi, kumene eni migodi a Chamber of Mines amakhala mbali iyi, a yuniyoni mbali iyo. Akagwirizana, boma limalisindikiza panganolo, ndipo limakhudza aliyense, membala ndi wosakhala membala yemwe. Mwezi umene akweza, iwe umakabweza yowonjezerayo kwa kalaliki?

MPHWA: Sindibweza.

AMALUME: Ndiye uli ngati munthu wosapita kukakumba manda a anzake, koma maliro akagwa pakhomo pake ayembekeza adzukulu afike ndi makasu. Adzafika ndithu, poti mwambo suwalola kukana. Koma iye akudziwa chimene wachita.

MPHWA: Adzukulu amaoneka ntchito yawo. Nanga yuniyoni inali kuti mu 2008, pamene ndalama inasanduka mapepala, penshoni yanu ya zaka zonse zija osakwana kugula thumba la ufa? Inali kuti pa 17 July 2015, pamene khoti lalikulu linagamula mlandu wa Zuva Petroleum kuti bwana angathe kuchotsa munthu ndi notisi ya miyezi itatu basi? Anthu zikwi zambiri anachotsedwa m'masabata ochepa. Ku Madziwa mgodi unatsekedwa, lero ndi sukulu ya aphunzitsi. Mgodi wa nickel wa Trojan unaima mu 2008. Makadi a umembala analetsa chiyani?

AMALUME: Sanaletse. Yuniyoni siikweza mtengo wa nickel ku London, siisindikizanso ndalama. Koma za Zuva uzinene zonse: phokoso litakula, a bungwe lalikulu la mayuniyoni la ZCTU ali pakati pake, nyumba ya malamulo inasintha lamulo la ntchito mu August chaka chomwecho, kuti wochotsedwa azilandirako kenakake. N'kochepa, ndikuvomera. Koma akanafuula aliyense payekha pageti, akanamumva ndani?

Tsono khala pansi ndikuuze za mgodi uno, chifukwa ukuyenda pamwamba pa mbiri yako osaidziwa. Masiku a chibalo, munthu wakuda akasiya ntchito kontalakiti isanathe unali mlandu wopita nawo kundende, mwa lamulo la Masters and Servants. Agogo ako ankagona m'komboni yolonderedwa ndi apolisi a mgodi, akudya ufa woyezedwa, chitupa chili m'manja mwa mzungu. Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay anagwirapo ukalaliki pano pa Shamva, anaziona ndi maso ake, ndipo atafika ku Cape Town anayambitsa yuniyoni ya ICU mu 1919. Kenako mu September 1927, amuna pafupifupi 3,500 pamgodi uno anakana kutsika pansi, akufuna malipiro akwere. Owatsogolera anali anthu akwathu, a ku Nyasaland. Analibe ofesi, analibe loya, lamulo silinkawadziwa. Kugwirizanitsa Atonga, Achewa, Ayao, Asena ndi Ashona, m'komboni modzaza akazitape, kuti m'mawa umodzi onse akhale pansi, si ntchito yamasewera.

MPHWA: Ndipo inatha bwanji? Boma linatumiza a mfuti, sitiraka inathyoledwa m'masiku ochepa, atsogoleri anathamangitsidwa m'dziko. Chaka chomwecho Robert Sambo, amene ankayambitsa ICU ku Bulawayo, anapirikitsidwanso.

AMALUME: Inathyoledwa, inde. Koma ndime 65 ya malamulo omwe ukundiwerengerawo, yonena za ufulu wolowa yuniyoni ndi wonyanyala ntchito, ukuganiza inachokera kuti? Ufulu wokana umene ukunyadira uli ndi tanthauzo chifukwa ena anamangidwa pofuna ufulu wovomera. Ndipo usaiwale Kamandama. Pa 6 June 1972 pamgodi umenewu ku Wankie anafa anthu 427 tsiku limodzi, Amalawi ambiri ali momwemo. Kapitawo akakuuza kuti lowa pamalo pamene denga likuthetheka, iwe wa kontalakiti ya miyezi itatu ungakane?

MPHWA: Sindingakane. Kontalakiti siingabwerenso.

AMALUME: Wa m'komiti yathu ankakana m'malo mwathu, tonse tili kumbuyo kwake titagwira zisoti m'manja. Ndinaziona.

Apa wolembane ndikuima ndi mkuluyu: kulandira zimene anzako akumenyera, iwe utapinda manja, si ufulu wokha, mulinso kudyera anzako masuku pamutu. Koma mfundo yolemera ya mnyamatayu inali isanatuluke, ndipo yuniyoni iliyonse m'dera lino iyenera kuimva.

MPHWA: Amalume, yuniyoni yanu ndi ya anthu olandira pepala la malipiro. Tawerengani anyamata a m'komboni muno, ndi angati ali nalo? Ambirife ndife makorokoza. Timalowa m'mauna akale ndi tochi pachipumi ndi chingwe m'chiuno, timanyamula miyala m'matumba a simenti kupita kuchigayo, timatikita mercury ndi manja opanda kanthu. Mwini chigayo amatipatsa zochepa, zambiri zimatsala m'matope ake. Mu November 2020 mgodi wakale wa Ran ku Bindura unakwirira anthu onga ine. Amenewo anali a yuniyoni iti? Mayuniyoni a m'migodi a AMWUZ ndi ZDAMWU amalimbirana mamembala pageti la kampani, pamene unyinji uli kuthengo. Chinanso, Morgan Tsvangirai anayambira pa Trojan pompa, anakwera mu AMWUZ, mu 1988 anakhala mlembi wamkulu wa ZCTU, mu 1999 n'kutsogolera chipani cha MDC. Kaya munkamukonda kaya ayi, kuyambira pamenepo wonyamula khadi la yuniyoni amayesedwa wachipani. Ife amene zitupa zathu zinalembedwa kuti ndife alendo, tinali ndi chifukwa choopera.

AMALUME: Za kuthengozo wanena zoona, ndipo zimandichititsa manyazi. Tinazolowera kuti ndalama ya umembala idulidwe ndi kalaliki wa kampani, tinaiwala kuyenda ndi mapazi kukafuna anthu. Za ndale, wapantchito sangazithawe: mtengo wa ufa ndi msonkho zimakonzedwa ndi andale, ndipo ndi zimene zinatulutsa anthu m'misewu mu 1997 ndi 1998. Koma mtsogoleri amene wasandutsa yuniyoni makwerero ake, mamembala amuchotse ndi voti. Wosakhala membala savota.

MPHWA: Ndiye abwere kuchigayo. Akatithandize kukambirana mtengo ndi mwini chigayo, akatipezere mapepala a malo okumba kuti apolisi aleke kutithamangitsa. Tsiku limenelo ndidzalipira ndi manja awiri.

AMALUME: Akapanda kubwera? Inu mulipo angati pauna wanu?

MPHWA: Khumi ndi awiri.

AMALUME: Mnzanu uja atathyoka mwendo, ndani analipira kuchipatala?

MPHWA: Tinasonkha. Aliyense anachotsako pa golide wa sabata imeneyo.

AMALUME: Panali wokana?

MPHWA: Mmodzi. Anati mwendo si wake.

AMALUME: Munamutani?

MPHWA: Sakumbanso nafe, amalume. Koma tinamuchotsa ndife, amene timagwira chingwe chake. Sanamuchotse munthu wa ku Harare.