Rula, tsitsi ndi nkhope imene timaonetsa

Sabata yatha mwana wa achemwali anga, yemwe ali Sitandade 6, anandipeza pakhonde. "Ankolo, taonani matsenga!" Anakwecha rula yapulasitiki m'tsitsi mwake kangapo, n'kuiyandikitsa pa timapepala tomwe anang'ambang'amba. Timapepalato tinadumpha n'kukakamira ku rula. Ndinaseka, poti nafenso tinkachita zomwezi ndi bolopeni aphunzitsi akangotuluka. Koma usiku umenewo tulo tinandivuta.

Si matsenga ayi. Pulasitiki ikakwechedwa pa tsitsi louma imatengako maelekitironi, motero imakhala ndi mphamvu ya negetivi yochulukirapo. Agiriki akale ankaona zomwezi pa utomoni wouma wa mitengo umene ankautcha elektron, ndipo mawu a Chingerezi otanthauza magetsi anachokera pamenepo kudzera m'buku la William Gilbert la mu 1600.

Chinandisowetsa tulo ndi kapepala. Iko sikanakwechedwe. Sikanalande kanthu, sikanalandidwenso kanthu. Nanga kakukokedwa bwanji? Rula ikayandikira, maelekitironi a m'kapepala amasunthira pang'ono kumbali yakutali, ndipo mbali yoyang'ana rula imatsala ya pozitivi. Charles-Augustin de Coulomb anasonyeza mu 1785 kuti mphamvu imeneyi imachepa msanga zinthu zikatalikirana: mtunda ukawirikiza kawiri, imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye mbali yapafupi, yomwe ikukokedwa, imaposa yakutali, yomwe ikukankhidwa. Mwachidule, kapepala kamangotembenuzira kwa rula nkhope imene rulayo ikufuna.

Khalidwe limeneli ndimalidziwa. Nditamaliza digiri ndinakhala pa ulova zaka ziwiri. Panali bambo wina wodziwana ndi akuluakulu, amene aliyense ankati akakukonda ntchito waipeza. Ndikakhala nawo ndinkasanduka munthu wina. Tsiku lina anati anthu akumudzi ndi osauka chifukwa cha ulesi. Ine, amene fizi yanga inachokera m'munda wa mtedza wa mayi anga, ndinamwetulira n'kugwedeza mutu. Bodza sindinanene. Ndinangokankhira mayi kumbali yakutali.

Funso langa ndi ili: munthu amene sananame, koma wabisa mbali yake imene mnzake sangaikonde, ndi woona mtima?

Mwina muti tonse timatero, ndipo n'zoona. Agogo sulankhula nawo ngati mmene umachezera ndi anzako pa WhatsApp. Umenewo ndi ulemu. Muthanso kunena kuti munthu wopanda ngakhale ya bandulo sangalimbane ndi womuthandiza, ndipo amene sanalawepo ulova asafulumire kuweruza. Komabe ndikuona kuti pali malire. Ulemu umasintha kalankhulidwe basi, pomwe ine ndinalola kuti bambo aja achoke akukhulupirira kuti ndikugwirizana nawo. Kukhala chete kwanga kunagwira ntchito ya bodza. Kapepala sikasankha. Ine ndinasankha.

Ndisakunamizeni, zinandiyendera. Ntchito imene ndikugwira lero inadzera mwa iwowo, ndipo malipiro ake ndi amene amagulira mayi feteleza. N'chifukwa chake nkhaniyi sindiiona yophweka.

Pali chinanso chimene mphwanga uja anandifunsa: bwanji timapepala tina tikakakamira kwa kanthawi timadumphanso n'kugwa? Yankho n'lakuti kapepala kakakhudza rula kamatengako maelekitironi, n'kufanana nayo, ndipo zofanana zimakankhana. Ukakhalitsa pa chinthu chimene chinakukoka, umatengera zake.

Mwezi watha ku ofesi kunabwera mnyamata wophunzira ntchito. Tikudya nkhomaliro ndinanena nthabwala yonyoza anthu amene amangodandaula za ulova. Sinali yoseketsa n'komwe, koma iye anaseka kwambiri, uku akugwedeza mutu. Kaseke kameneko ndinakazindikira nthawi yomweyo, chifukwa kanali kanga. Mawa ndikufuna ndimufunse maganizo ake enieni pa nkhani ija, ndipo akayamba kuyankha ndikhale chete mpaka amalize.