Usanagule kamera yakale ya filimu ya 120

Mphwanga, ndamva kuti wasunga kandalama ndipo mtima wako uli pa Hasselblad. Khala pansi tiwerengere kaye. Hasselblad 500C/M ndi kamera yabwino, palibe angatsutse, koma ukaitsanulira ndalama zonse udzasowa choidyetsa. Makamera amenewa amadya filimu ya 120, imene Kodak inayamba kupanga mu 1901, ndipo mpukutu wake sutulutsa zithunzi 36 monga wa 35mm. Pa kamera ya 6x4.5 upeza zithunzi 15 kapena 16, pa 6x6 upeza 12, pa 6x7 upeza 10, pa 6x9 zokwana 8 basi. Ukadina batani, ndalama yapita, ndipo kutsuka ndi kusikana zikudikira. Choncho ndalamayo uigawe patatu: ya kamera, ya wokonza, ya filimu. Gawo la kamera lisameze anzake.

Ine ndikanati uyambe ndi kamera ya maso awiri, imene amaitcha TLR. Diso lapamwamba ndi loonera, lapansi ndi lojambulira. Galasi lake la m'kati silidumpha pojambula, motero zoti zithyoke ndi zochepa. Yang'ana Yashica-D, Minolta Autocord, kapena Rolleicord, mng'ono wake wa Rolleiflex. Yashica Mat-124G, imene inapangidwa kuyambira 1970 mpaka 1986, ndi yabwinonso, kungoti kutchuka kwaikweza mtengo. Poyamba idzakuzunguza mutu, chifukwa ukasuzumira pamwamba, za kumanja zimaoneka kumanzere. Uzolowera. Usaipeputse poona kuti lenzi yake sisinthika: Malick Sidibé wa ku Bamako anajambula anthu ambirimbiri m'situdiyo yake ndi Rolleiflex ya maso awiri, ndipo mu 2007 analandira mphotho ya Golden Lion ku Venice. Munthu yemweyo ankakonzanso makamera ndi manja ake, ndipo zimenezi uzisunge m'mutu.

Ngati ukufunadi yosintha malenzi, Mamiya RB67 ya mu 1970 sifuna batire ndipo ndi yolimba zedi, koma imalemera kupitirira makilogalamu 2. Imeneyo ndi ya pa miyendo itatu, osati yoyenda nayo mumsika. Bronica SQ-A ndi ETRS zimatchipirako, koma shata yake imadalira magetsi, ndipo pofika 2005 Bronica inasiya kupangidwa. Za magetsi zikapsa, wokonza amangopukusa mutu. Kiev 88 ndi mpikisano wa mwayi. Usalowemo ndi ndalama yovutikira.

Dzina la kamera lisakuchititse khungu. Chachikulu ndi mmene kamera imene ili m'manja mwakoyo yakalambira. Tsegula kumbuyo, ika shata pa B, uwalitse tochi ya foni mu lenzi. Fumbi pang'ono lisakuopse, silioneka pa chithunzi. Koma ukaona timizere tangati ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, ndipo chikakhalitsa chimadya galasi. Ukaona chifunga, zithunzi zako zidzatuwa. Kenako tchera khutu: ika shata pa sekondi imodzi, udine. Kulira kwake kuyende mosadodoma mpaka kutseka. Ikakakamira, mafuta anauma, ndipo mtengo wokonzetsa uuchotse pa mtengo wogulira. Gwira siponji ya m'mphepete mwa chitseko. Ikakumata chala, kuwala kudzalowa, ngakhale vuto limeneli ndi laling'ono, ungathe kusintha wekha. Makamera opinda aja, monga Agfa Isolette ndi Zeiss Ikon Nettar, ndiwo otchipa koposa, koma lowa nawo m'chipinda cha mdima uike tochi m'kati mwa mvukuto wake. Kanyenyezi kamodzi kokha kakwanira kuwononga mpukutu wonse. Ma Isolette ambiri ali ndi vuto linanso: girizi wake amauma gwa, lenzi n'kukana kutembenuka.

Za mita yoyezera kuwala usalipirepo kanthu. Ya Yashica Mat-124G inapangidwira batire ya mercury ya mavoti 1.35 imene inaletsedwa kalekale. Foni yako ikhoza kuyeza, ndipo dzuwa likawala bwino, f/16 ndi liwiro loyandikana ndi nambala ya ISO ya filimu yako zimakwana.

Mwina udzagula pa intaneti, kwa ogulitsa a ku Japan a pa eBay. Mawu awo aja oti “Excellent” okhala ndi mitanda isanu usawakhulupirire. Werenga pansi pomwe alemba za chuku ndi chifunga, uone zithunzi za lenzi, ufunse ngati amalola kubweza. Uwerengerenso mtengo wotumizira ndi msonkho wa pa kasitomu. Ikafika, usaitsekere m'chikwama cha chikopa nyengo ya dzinja, chinyezi chathu chino chuku amachikonda. Uiike pouma, podutsa mphepo.

Filimu yoyambira ikhale yakuda ndi yoyera, Fomapan kapena Ilford HP5 Plus, poti imeneyo ungaphunzire kutsuka wekha kunyumba. Mpukutu woyamba usaupititse ku ukwati wa munthu. Uumalize tsiku lomwelo, chithunzi chilichonse pa liwiro lakelake, ulembe m'kope zimene waika. Ukatsuka, uone ngati zithunzi zatalikirana mofanana, ngati sizinakwerane, ngati m'mphepete mulibe mabala a kuwala. Uchite zimenezi masiku obwezera katundu asanathe.